Timabokosi Tinayi pa Fomu ya Ababa

8 Febuluwale

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga. Mwendo wanu uja wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha n'chimene chinandigwira sabata yatha koma chapita. Ababa nawonso akudzuka.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Foniyo imakhala m'thumba mwa ababa, ndipo Lamlungu tikamayankhulana iwo amakhala pambali panga akusenda anyezi. Kuseri kwa khoma kumakhala a Wailesi, bambo wa chipinda choyandikana nafe, amene amagwira ntchito limodzi ndi ababa. Dzina limeneli sanalitole panjira. Khomalo ndi la matabwa, moti ukayetsemula iwo amati pepa. Ndiye ndapempha a dalaivala a basi amene amatinyamulira katundu kuti makalata anga azikupatsirani m'manja. Muziwerenga nokha, ngakhale zikutengereni masiku awiri. Azakhali asakuwerengereni.

M'chikwama muli sopo, mafuta ophikira, bulangeti lofiira ndi nsapato za sukulu za mlongo wanga. Ngati zamukulira aike pepala kutsogolo, asasinthanitse ndi munthu. Ababa akuti malata aja muwalowetse m'nyumba, pakhonde adzawapeza atayenda. Mafuta akwera mtengo kwambiri kuno, ndiye muziwathira mongodonthetsa.

Kusukulu zikuyenda. Ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi windo. Anzanga sindinawapezebe, koma chiyankhulo cha kuno ndachigwira, moti aphunzitsi ena anandifunsa ngati ndinabadwira kuno. Ababa amangodziwa mawu a kuntchito okha: kweza, tsitsa, ima, fulumira. Panyumba pano aliyense amanditchula kuti Kalaliki. Loweruka masana amabwera ndi mafomu awo, a kuntchito, a kubanki, a kuchipatala, ine n'kumawalembera patebulo pathu. Lamulo la ntchitoyi anandiphunzitsa ndi a Wailesi tsiku loyamba. Anati, "Kalaliki, pa pepala la ofesi sitikana. Paliponse pali kabokosi, chonga kuti inde. Ukangoti ayi amati ukubisa kanthu, pepala lako n'kupita pansi pa mulu." Ababa anagwedeza mutu kuvomereza. Mpaka lero palibe pepala langa lomwe linabwezedwa.

Kuntchito kwa ababa, kumalo osungira katundu kuja, kunachitika ngozi mwezi watha. Mulu wa makatoni unagwera mnzawo amene ankabwera kuno kudzawameta tsitsi. Anamwalirira pomwepo. Ababa sanavulale ndipo sanalakwe chilichonse. Kungoti iwo ndi amene amayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu kaja, ndiye anawauza kuti achotse makatoniwo pamwamba pake.

Kuyambira pamenepo m'mawa ndimapeza bedi lawo lili losakwinyika. Mwina amaliyala bwino ine ndisanadzuke.

Pa foni musawafunse za zimenezi.

Ine mwana wanu woyamba.

1 Malichi

Amayi,

Moni wochuluka kwa inu ndi mlongo wanga. Ndasangalala kumva kuti nsapato zamukwana. Ine ndili bwino. Za ababa ndi zimene ndikufuna kulemba, ndipo pepala lino ndi lachitatu, awiri ndang'amba.

Lachinayi sindinapite kusukulu. Ndinawaperekeza kuchipatala. Musaope, si mtima, si chifuwa. Ndi mbali ina ya chipatala, pamwamba, kumene anthu amakathandizidwa za maganizo. Anachita kudzisankhira okha kupitako, atapezeka tsiku lina ataima pa depoti osadziwa basi imene amakwera tsiku lililonse.

Tili pa masitepe anandigwira paphewa. Anati, "Izi ndi za ine ndi iwe. Amayi ako asamve. A Wailesi asamve. Kuntchito ndiye asayerekeze n'komwe kumva. Akamva andichotsa pa fokolifiti, ndipo munthu akachoka pa fokolifiti geti imakhala pafupi."

Ndinavomera. Ndikudziwa kuti ndikulakwa kukulemberani, koma amayi, ndilibe wina. Mukawerenga muiwotche.

M'chipindamo munali tebulo, mipando itatu, wotchi yapakhoma ndi duwa la pulasitiki lodzaza fumbi. A nesi ake ndi mayi wachikulire amene amakoleka magalasi pakhosi ndi kachingwe. Anati angathe kuimbira womasulira pa foni. Nditawauza ababa, anakana ndi dzanja lomwe.

"Womasulirayo ndi wakwathu?"

Ndinafunsa. A nesi anati mwina.

"Ndiye ali ndi amalume ake, ndipo amalumewo ali ndi pakamwa. Mwana wanga alipo."

A nesi sanakondwe nazo. Anandifunsa zaka zanga, ndinati khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa fomu ya masamba awiri n'kunena kuti ndiwawerengere ababa mzere uliwonse asanasayine. Munthu wina anawaitana pakhomo, iwo anatuluka pang'ono.

Ababa maso anali pa wotchi. "Akuti chiyani?"

"Akuti muvomere kuti akuthandizeni."

"Nanga tabwereranji? Chonga, iwe. Shifiti yanga ndi ya thu koloko."

Panali timabokosi tinayi. Ndinachonga tonse monga mwa nthawi zonse, ababa n'kusayina. A nesi atabwera anafunsa ngati amvetsa zonse. Ine ndinati, "Akuti mwamva?" Iwo anati inde.

Zimene zinakambidwa pambuyo pake sindilemba. Ndinamasulira chilichonse ndikuyang'ana mwendo wa tebulo. Pali mawu ena amene sindinkadziwa kuti angatuluke m'kamwa mwa ababa. Tili m'basi anandigulira nthochi ziwiri.

Anawapatsa timapiritsi toyera. Amatisunga m'kachitini ka polishi komwe anakatsuka bwinobwino, mkati mwa nsapato ya kutchalitchi. Azipitanso Lachinayi pakapita masabata atatu aliwonse, ndipo ine ndiye pakamwa pawo.

Ulendo uno tatumiza shuga ndi makope asanu okha. Ababa akuti nkhuku zija musagulitse zonse, musiyeko zazikazi.

Ine mwana wanu.

22 Malichi

Amayi anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ababa ali bwinoko kwambiri. Akugona, akudya, ndipo dzulo anaseka a Wailesi atapsereza mpunga mpaka utsi kulowa kwathu. Anagogoda khoma n'kuti, "Achimwene, mukuphika kapena mukuwotcha njerwa?" Kuyambira Januwale ndinali ndisanamve kuseka kwawo.

Ine ndi amene sindili bwino. Sindikudwala ayi.

A nesi anatipatsa kope la fomu ija, ine ndinaliika m'buku la masamu n'kuiwala. Lolemba kunagwa mvula yambiri poweruka, ndiye ndinakabisala mu laibulale. Pepalalo linagwa pansi. Popeza ndinalibe chochita ndinayamba kuliwerenga, dikishonale ili pambali.

Kabokosi koyamba kakuti ndavomera kuthandizidwa. Kachiwiri kakuti muzinditumizira uthenga pa foni wondikumbutsa tsiku lobwera. Kachitatu kakuti mutha kuyankhula ndi wachibale amene ndamulemba apa. Pamenepo ndinalemba dzina langa.

Kachinayi kakuti ndavomera kuti lipoti la matenda anga ndi mankhwala amene ndikumwa lipite kwa a nesi a kuntchito kwanga. Pansi pake pali mzere wolembapo dzina la kuntchito. Ndinalemba ndekha, ndi zilembo zanga zabwino zija mumazitama. Pambali pake pali timawu ting'onoting'ono takuti simukukakamizidwa kuvomera zimenezi, ndipo mukakana muthandizidwabe chimodzimodzi.

Amayi, tikanatha kukana. Palibe akanaika pepala lathu pansi pa mulu.

Ndinawerenga kanayi kuti mwina mawu asintha. Mvula itasiya ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, basi inandidutsa ndikuiona.

Pa kabotolo kamene mapiritsi anabweramo panali chithunzi cha galimoto chodulidwa ndi mzere wofiira. Ababa anakataya tsiku lomwelo. Iwo amamwa madzulo okha, ndipo amati masana mutu umakhala woyera. Koma a kuntchito akawerenga dzina la mankhwalawo sadzafunsa kuti amamwa nthawi yanji.

Sindikudziwa ngati lipotilo lapita kale. Tsiku lililonse ndikamva mapazi awo pa masitepe ndimamvetsera. Akamakwera msangamsanga ndiye kuti tsikulo ladutsa. Ndimayang'ananso m'khosi mwawo ngati kiyi wa fokolifiti akadali pa chingwe chake.

Lachinayi tinapitanso. Ndinakhala pampando womwe uja, ndikumasulira, fomuyo ili m'failo pamaso panga. Ndinatsegula pakamwa kawiri. Ababa anali akuuza a nesi kuti akuthokoza, tsopano akuona ngati munthu. Ndinamasulira zimenezo.

Mlongo wanga mumuuze kuti masamu a tizigawo asamawaope, ndamulembera njira yake m'munsi mwa pepalali. Mudule mbali imeneyo ndi lumo, musamupatse lonse.

Ndichite chiyani?

Ine mwana wanu.

29 Malichi

Amayi,

Moni. Kapepala kanu a dalaivala andipatsa. Ndamva kuti munawotcha makalata onse atatu, zikomo. Mwalemba kuti, "Uwauze bambo ako lero lomwe." Amayi, inu simunawaone mu Febuluwale. Ine ndinawaona atakhala pa bedi, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, kuyambira ndikupita kukasamba mpaka ndavala yunifolomu. Ndikawauza n'kubwerera kumene kuja, ndidzawanyamula ndi chiyani?

Ndinaganiza zokonza ndekha. Lachiwiri nditaweruka ndinapita kuchipatala kuja ndi chikwama changa cha sukulu. Ndinadikira pabenchi mpaka anthu onse atatha. A nesi a magalasi atatuluka ndinaimirira n'kutchula dzina la ababa. Anandilowetsa m'chipinda n'kutseka chitseko.

Anati, "Mwana wanga, sindingakambe nawe za munthu amene sali pano."

Ndinati, "Koma dzina langa lili pa fomu. Kabokosi kachitatu."

"Kamene kaja kamandilola kukuimbira zinthu zikavuta. Sikakupatsa mphamvu yosintha zimene mwini wake anasayina."

"Sanasankhe iwo. Ndinachonga ndine. Sindinawawerengere."

Anavula magalasi n'kukhala pansi. Kenako anati ndawauza chinthu chachikulu, ndipo ndachita bwino kubwera. Anati mwini fomu angathe kufufuta kabokosi kalikonse tsiku lililonse, koma abwere yekha, anene ndi pakamwa pake, ndipo pakhale womasulira wina, osati ine.

Ndinafunsa ngati lipoti lapita kale. Anati limenelo ndi funso la ababa, ndipo yankho lake adzapatsa ababa. Ndinachonderera, amayi, mpaka ndinagwada. Anandidzutsa n'kuti, "Abwere mawa. Ukapanda kuwauza iwe, ndidzawauza ine akadzabwera pa Lachinayi lawo, chifukwa ayenera kudziwa. Koma ndikuona kuti angakonde kumva kwa iwe." Anandifunsanso ngati ineyo ndikugona. Ndinati inde.

Chipatala chomwecho chimene chikukana kundiuza mawu amodzi ndi chimene ndinachitsegulira ndekha njira ya kuntchito kwa ababa. Ndinatsika masitepe n'kubwerera kunyumba.

Mawa lake linafika, sindinawauze. Linzakenso. Lachinayi lawo likadali kutali ndi sabata ndi theka, ndipo ndikungowerenga masiku.

Dzulo a Wailesi anabwera ndi fomu yawo ya kubanki. Ndikulemba, anati, "Kalaliki, bambo akowa masiku ano akumayasamula ngati mvuu pa nthawi ya tiyi. Apeza kachibwenzi kapena?" Anaseka okha. Cholembera chinandipulumuka n'kudetsa pepala lawo.

Sabata ino palibe katundu, ndi kalata yokhayi. A dalaivala muwapatseko madzi akumwa, sakundilipiritsa.

Ine mwana wanu.

5 Epulo

Amayi,

Ndilemba msanga chifukwa basi inyamuka sikisi koloko. Ndikhulupirira muli bwino. Kuno zachitika.

Lero masana titangomaliza kudya, ababa anatulutsa envulopu m'thumba la ovolosi. Anati akapitawo anawapatsa dzulo poweruka. "Tawerenga, Kalaliki. Mwina atikwezera malipiro."

Ndinawerenga mzere uliwonse monga mmene unalili. Akuwaitana Lachitatu nthawi ya naini koloko kukaonana ndi a nesi a kuntchito, pa nkhani ya thanzi lawo ndi ntchito imene amagwira. Abweretse mankhwala onse amene akumwa.

"Aitana tonse?"

"Ayi. Pali dzina lanu lokha."

Anayang'ana khoma la matabwa lija. Kuseri kwake a Wailesi anali akuimba nyimbo akuchapa masokosi. Ababa anaimirira pang'onopang'ono, mpando n'kugwa, osautola. Anatuluka n'kukankha chitseko cha a Wailesi ndi phazi.

"Makutu akowo lero ndiwadula! Unamva chiyani pakhoma panga? Wakauza ndani?"

"Achimwene, mwatani? Ndamva chiyani ine?"

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndikukubwereka mchere, iwe n'kukandigulitsa kwa akapitawo!"

Anawagwira pakhosi pa malaya. Beseni linagubuduka, madzi a sopo n'kuyenderera mpaka pa masitepe. Anthu a zipinda zina anayamba kutuluka. A Wailesi ndi munthu wochepa thupi, ndipo ndinaona mapazi awo akusiya pansi.

Ndinakuwa kuti, "Ababa, si iwo! Ndine!"

Anawasiya. Ndinawakokera m'chipinda mwathu n'kutseka, ndipo ndinayankhula motsitsa, pakamwa pafupi ndi khutu lawo. Ndinatulutsa fomu ija m'buku la masamu n'kuwawerengera timabokosi tonse tinayi, ndi timawu ting'onoting'ono tija. Ndinawauza kuti ndadziwa kwa masabata atatu. Ndinawauza kuti ndinapita ndekha kuchipatala. Popeza ndinali nditayamba kale, ndinawauzanso kuti inu mukudziwa, kuti ndakhala ndikukulemberani.

Ndinkayembekezera mbama. Ndinkaifuna n'kuifuna.

Iwo anangofunsa kuti, "Zija ndinanena m'chipinda muja, nazonso unalemba?"

Ndinati ayi, ngakhale liwu limodzi.

Anatola mpando uja n'kuuimika bwinobwino. Anavala nsapato, anamanga zingwe zonse ziwiri, anatenga chipewa. Foni anaisiya patebulo. Ndinawafunsa kumene akupita, iwo anangotuluka. Ndinawatsatira mpaka pa msewu, anatembenuka n'kundiloza kuti ndibwerere.

Papita maola atatu. Ndayang'ana m'kachitini ka polishi, mapiritsi onse alimo, ndawawerenga n'kuwabisa m'chikwama changa. Ndaimbira nambala imene a nesi anatipatsa ya zinthu zikavuta. Andiuza kuti ndipeze munthu wamkulu woti akawafunefune, ndipo ndiimbenso. Munthu wamkulu amene ndinali naye ndi a Wailesi. Sanandifunse chilichonse. Anangovala malaya ena, chifukwa aja anang'ambika, n'kunena kuti ayambira ku depoti. Anati ine ndikhale pano kuti ababa akabwera asapeze chitseko chokhoma.

Ndithamangira kwa a dalaivala n'kubwerera. Musaimbe, foni ili ndi ine ndipo ndikufuna ikhale yotsegula. Pempherani.

Mwana wanu.

12 Epulo

Amayi anga,

Pepani chifukwa cha kalata yapitayo. Uthenga wanga wa pa foni munaulandira, koma ndibwereze kuti mtima ukhale pansi: ababa ali moyo, ali bwino. A Wailesi anawapeza atakhala panja pa nyumba imene ankakhala malemu mnzawo wometa uja. Anabwera limodzi dzuwa litangolowa. Ababa anapepesa a Wailesi pamaso pa anthu onse, n'kuwapatsa malaya awo abuluu aja munawagulira.

Ine sanandiyankhule. Mpaka lero sakundiyankhula. Akafuna mchere amaloza.

Lolemba m'mawa anaima pakhomo atavala, akundiyang'ana, ndiye ndinadziwa kuti tikupita. Titafika kwa a nesi a magalasi ndinafuna kulowa nawo monga kale. Anatambasula dzanja kutseka khomo. Kenako anauza a nesi okha, m'chiyankhulo cha kuno, mawu awiri: "Foni. Womasulira." Sindikudziwa anawaphunzira kuti.

Ndinakhala pabenchi ola lathunthu ndi theka. Mawu sankamveka, koma liwu lawo linkamveka, ndipo linali lalitali kuposa masiku onse amene ine ndinali m'katimo. Ndinaganiza kuti ndimva kupepuka. M'malo mwake ndinachita manyazi, chifukwa ndinazindikira kuti masiku onse aja ankadula mawu awo kuti akwane m'makutu a mwana.

Potuluka a nesi anandiimitsa. Anati ababa awalola kundiuza zinthu ziwiri. Choyamba, kabokosi kachinayi kafufutidwa, ndipo palibe china chidzapite kuntchito. Chachiwiri, lipoti loyamba linali litapita kale ine ndisanawerenge n'komwe fomu mu laibulale muja. Anawonjezera chachitatu, chawochawo. Anati sanayenere kulola mwana kumasulira, sanayenerenso kutuluka m'chipinda fomu isanawerengedwe, ndipo iwo apepesa kale kwa ababa. Ine ndinangoti zikomo. Sindikudziwa ngati zimenezi zikuchotsa mbali yanga.

Lachitatu anapita okha kwa a nesi a kuntchito. Madzulo anakwera masitepe pang'onopang'ono. M'khosi munalibe chingwe.

Zotsala ndamva kwa a Wailesi. Sanawachotse ntchito. Awaika ku gulu lokulunga makatoni ndi pulasitiki, kumene amaika anyamata ongoyamba kumene. Akapitawo sanauzidwe dzina la matenda, anangouzidwa kuti asayendetse makina pakadali pano. Koma anthu ali ndi maso. Wina anawafunsa pa tiyi ngati anagwidwa ataledzera, ababa anangomwa tiyi wawo. Ine ndinadabwa kuti a Wailesi akudziwa zambiri tsopano, koma panyumba pano palibe amene wamva kanthu kwa iwo.

Malipiro atsika. Zokhoma malata ziyambe zaima, ndipo mmisiri uja mumuuze kuti asadikire ife. Za sukulu ya mlongo wanga musade nkhawa, ndayamba kuthandiza mu shopu ya pakona Loweruka m'mawa.

Dzulo masana anthu anabwera ndi mafomu awo. Woyamba ndinamuwerengera mzere uliwonse, n'kumamufunsa pa kabokosi kalikonse kuti inde kapena ayi. Zinatenga theka la ola. Amene anali pambuyo anayamba kudandaula. Wina anati, "Kalaliki walowa mpingo wanji?" Awiri anatenga mapepala awo n'kupita kwa mnyamata wa nyumba yachitatu, amene amachonga mwachangu.

Ababa anali atagona chagada pa bedi, chipewa kumaso. Sindikudziwa ngati ankamva.

Mapiritsi ndinawabwezera m'kachitini. Akuchepa limodzi tsiku lililonse, ndiye kuti akumwa.

Ine mwana wanu.

10 Meyi

Amayi,

Moni kwa inu ndi mlongo wanga. Tamva kuti wakhoza masamu, mumuuze kuti achimwene ake anyadira. Ine ndili bwino, mayeso ayamba mawa. Ababa ali pompano, akhala moyang'anana nane patebulo.

Papita mwezi osakulemberani. Chifukwa chake n'chakuti ndinalibenso chilolezo, ndipo ndinkaopa kuchipempha. Ababa anakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi osandiyankhula. Tsiku limene anayamba, ndinali ndikutsuka mbale. Anangoti kumbuyo kwanga, "Ukutha sopo." Ndinalira mpaka mbale inagwa.

Lero atandiona ndi pepala anafunsa kuti ndikulembera ndani. Ndinati inu. Anati ndilembe, koma ndiziwerenga mokweza chiganizo chilichonse ndisanapitirize, ndipo chimene akana chisalowe. Ndiye kalata iyi yonse aimva. Pamene mukuona pofufutidwa ndi inki yambiri pamwambapa, pakati pa "mbale inagwa" ndi "Lero", panali mizere iwiri. Anati imeneyo ndi yawo. Musayese kuiunika padzuwa.

Zimene andilola kunena ndi izi. Kiyi wa fokolifiti anaperekedwa kwa mnyamata wina amene ababa anamuphunzitsa okha chaka chatha, ndipo sakuoneka kuti adzabweza. Ababa akadali ku mapulasitiki. Zala zawo zasweka, ndipo akupempha kuti mutumize mafuta odzola aja mumapanga ndinu. Kontirakiti yawo imatha mu Julaye. Chaka chilichonse ankangosayina ina osaganiza n'komwe. Chaka chino sitikudziwa.

Kuchipatala akupitabe, okha. Womasulira wa pa foni akuti ndi mayi wina amene sanawafunsepo kuti kwawo n'kuti. Ine ndimapita kusukulu Lachinayi ngati ana ena.

M'chikwama muli sopo ndi machesi basi. Bulangeti lachiwiri lija lidikire.

Tsopano akuti ndilembe mawu awo mmene akuwanenera, osakonza.

Amake mnyamata, ndine. Zimene anakuuzani mwanayu ndi zoona, koma sanali iye woyenera kukuuzani. Ndinayenera ine. Ndikudwala, ndikumwa mankhwala, ndipo akundithandiza. Si misala ya kumsika ayi, musandilire. Pali zina zimene iye anamva inu simunamve. Musamufunse, ngakhale mochenjera muja mumachitira. Ndikadzabwera ndidzakuuzani ndekha, pakamwa pakadzalola. Azichemwali anga musawauze. Abusa musawauze, mungopempha pemphero la a paulendo. Ntchito ikatha mu Julaye ndidzakuimbirani tsiku lomwelo, simudzamvera kwa a dalaivala. Mwanayu musamukalipire. Ine ndi amene ndinamukhazika pampando umene sunali wake, ndiponso ndine ndinati chonga. Wawonda. Ndikumudyetsa. Basi.

Akuti nditsekere pomwepa.

Ndinafuna kuwonjezera mzere umodzi wanga pansipa, wa zimene anachita pamene amanena mawu omalizawo. Ndawafunsa. Akana.

Ine mwana wanu woyamba.